Nkhuni Zobiriwira

Lolemba, 3 Juni

Tsiku lonse kuntchito pa thanki ya mankhwala. Nsungwi m'mawa, matabwa a paini masana. Tikanyika m'mankhwala zimatuluka zobiriwira, chiswe osayandikiranso. Magolovesi anga abooka, zala zikuyabwa. Akapitawo akuti atsopano abwera "sabata yamawa". Sabata yamawa yawoyo ndinayamba kuimva dazi lisanamere.

Poweruka ndatola zidutswa thumba lodzaza, monga timachitira tonse. Nkhuni zogwa m'manja ungazisiye?

Lachitatu, 5 Juni

Mayi akunyumba mimba yakula, akuyenda ngati bakha. Ndawapeza pamoto akutafuna khala lozima, milomo ili bii. "Akufuna ndi mwanayu, osati ine," atero. Akuti anayamba mwezi watha. Ndawaseka, ndati mwanayo abadwa wakuda ngati kunsi kwa poto.

Lachisanu, 7 Juni

Mayi akunyumba kusanza kuyambira m'mawa, m'mimba kupota. Tathamangira kuchipatala. Namwino wafunsa zomwe akhala akudya. Atamva za makala, wafunsa za nkhuni zake. Ndafotokoza, monyadira ndithu. Wasiya kulemba.

"Bambo, mitengo yonyikidwa m'mankhwala sasonkhera moto. Poizoni wake amatsalira m'makala ndi m'phulusa."

Kuntchito palibe anatiuzapo. Kapena anatiuza, ine makutu ali kwina? Sindikudziwa.

Loweruka, 8 Juni

Mwana wabadwa masiku asanakwane. Wamkazi. Ali m'kabokosi kagalasi, chifuwa chikugunda ngati cha mwanapiye. Ndili ndi mantha.

Lamlungu, 9 Juni

Ndawola phulusa lonse kukhitchini, ndakwirira limodzi ndi thumba lija kuseri kwa chimbudzi. Apongozi afika. Moni ayankha atayang'ana kukhoma.

Lachiwiri, 11 Juni

Watisiya m'mawa uno, tisanamutche n'dzina lomwe. Adokotala akuti sangatsimikize kuti ndi makalawo. Mayi ake sakulira, angogwira kansalu.

Ndapita kuntchito kukapempha matabwa a bokosi. Akapitawo avula chipewa.

"Pepani achimwene. Tengani onyikidwawa, ndi abwino zedi, saola."

Anenatu ndi mtima wabwino. Ndawadutsa, ndapita pa mulu wa osanyikidwa, oyera, akununkhirabe utomoni. Ndasolola limodzi lalifupi. Limodzi lomwelo likwanira.

"Limenelotu chiswe sichichedwa nalo," atero kumbuyo kwanga.

"Chidye," ndayankha.