Mkamwini wanu salowanso m'madzi

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kuyenda? Nanga Ababa, chifuwa chija chinawasiya? Kuno mdzukulu wanu ali bwino, wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense. Ine ndilipo. Koma mkamwini wanu sali bwino, ndipo pa foni mawu amandikanika.

Mukudziwa kuti ntchito yake ndi yoperekeza alendo pansi pa nyanja, aja amabereka mabotolo a mpweya kumsana kukaona nsomba. Inu munkaseka kuti simunaonepo munthu wolipidwa chifukwa chomira. Mwezi wathawu anatsika ndi mlendo wina, bambo wamkulu thupi, amene anaonetsa chiphaso chakuti anaphunzira kale. Ali pansi kwambiri, madzi analowa m'magalasi a bamboyo, aja ophimba maso ndi mphuno. Ndi nkhani yaing'ono, Amayi, amaiphunzitsa tsiku loyamba. Umakanikiza magalasiwo pamphumi, n'kuyang'ana m'mwamba, n'kutulutsa mpweya m'mphuno, madzi amachoka okha. Koma bamboyo anagwidwa ndi mantha. Analavula paipi yopumira n'kuyamba kuthamangira pamwamba.

Kumeneko ndiye kuli imfa. Munthu wochokera pansi amakwera pang'onopang'ono, akupuma, osapitirira thovu la mpweya wake. Akafulumira, mapapo amatha kung'ambika, kapena magazi amachita thovu. Mkamwini wanu anamugwira lamba, anamubwezera paipi m'kamwa, akuyesa kumuchedwetsa. Bamboyo anali ndi mphamvu za munthu woona manda, anakokera onse awiri pamwamba. Mlendoyo anangosanza m'boti, patapita masiku n'kubwerera kwawo. Wathuyu anali atalowa kale m'madzi m'mawa womwewo, thupi litatopa, ndipo asanafike kumtunda miyendo inali itachita dzanzi.

Kuchipatala ankamugoneka m'chipinda chachitsulo chonga thanki, chochotsera thovu lija m'magazi, ine n'kumamuonera pa kawindo. Mwendo wamanja unabwerera. Wamanzere akuukoka. Zina sindingalembe, mudzaziona pa zofunda zimene ndimachapa. Adokotala anati aiwale za m'madzi.

Abwana ake anabwera kamodzi ndi malalanje, akuti adzamupatsa ntchito yopopera mabotolo akapeza bwino. Dzulo ndamva kuti aikapo kale mlamu wawo.

Tsopano amangokhala pa bedi, nkhope kukhoma. Zovala zake za m'madzi zikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo ndikafuna kuzichotsa amandiletsa. Kudya ndi kokakamiza. Mwana akamukwera pamsana amamutsitsa mwakachetechete. Kale ndikamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankapanga kamphete ndi zala, mmene amayankhulirana pansi pa madzi kuti zonse zili bwino, ine n'kumamunena kuti ndinakwatiwa ndi nsomba. Masiku ano dzanja silidzuka n'komwe.

Lamulungu lapitali ndi pamene anayankhula zomveka. Anati tsiku lija asanatsike, anamufunsa bamboyo ali m'boti ngati akukumbukira kuchotsa madzi m'magalasi, ndipo bamboyo anaseka, akuti iye si mwana. Kenaka, ine ndikumusisita mwendo, mkamwini wanu anati, “Mayi a mwana, bwenzi zikukuyendera ndikanatsala pansi pomwepo.”

Kuyambira tsikulo mapiritsi ake ndimayenda nawo m'chikwama, mpeni ndinakasiya kwa aneba. Ndimachoka m'mawa kupita kochapa zovala za kuhotela, ndipo tsiku lonse ndimapinda nsalu mtima uli pa chitseko cha kunyumba. Aneba amandisungira mwana, koma munthu wamkulu sungamusiyire aneba. Ndikamabwerera ndimaima kaye pa masitepe kumvetsera ngati akutsokomola.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, Amayi, ngakhale mwezi umodzi. Ine sandimveranso, koma inu amakuchitirani manyazi, mukamuikira mbale sangaikankhe. Amayi ake ndi odwaladwala, sangapirire ulendo, komanso sitinawauze zonse. Paja munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chipinda n'chimodzi, koma ine ndi mwana tidzagona pansi.

Mupereke moni kwa Ababa, kwa amalume ndi akazi awo, kwa mng'ono wanga ndi ana ake. Apongozi anga mukakumana nawo mungowauza kuti mwana wawo akupuma kaye pa ntchito.

Mundiyankhe msanga. Sindikudziwa kuti ndidzamupeza ali moyo masiku angati.

Ndine mwana wanu wachisamba.