Aganyu a M'thumba la Shati

Okondedwa Malume Fyson,

Landirani moni wochokera kuno ku Kasinje. Tonse tili bwino, ine ndanenepa mpaka chitseko chikundikana. Kaya inu ku Joniko?

Munda wanu wa mpunga uja unayamba kuyera mchere ngati mwawazamo ufa. Alangizi anatipatsa timapaketi ta tizilombo tabwino ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso, kuti tisakanize ndi mbewu, mpunga uzipirira mcherewo. Anati tisunge pozizira, tifese msanga. Koma mukundidziwa, malume. Kapaketi kanga ndinayenda nako m'thumba la shati milungu iwiri, dzuwa likuswa mtengo, kuuza anthu mpaka ku Nsipe kuti ndalemba aganyu mamiliyoni osafuna chakudya.

Aganyuwo anapsera m'thumbamo. Mpunga wa a Loyce, oyandikana nafe munda, wafika m'chiuno. Wathuwu tidzakambirana mukabwera. Dzulo a Loyce anandifuulira, "A Kizito, aganyu anu aja anyanyala ntchito?"

Paja ndinalonjeza kuti povundukula chiliza cha amayi anthu adzadya mpunga wa m'munda mwanu mpaka kubwerera chokwawa. Tsikulo musalisinthe ayi. Koma oitanidwa aja, mwina muwachepetseko.

Ndine mwana wa malemu mlongo wanu,
Kizito