Nsalu ya ku Kejetia

Lamulungu, 9 Juni

...ndiye mbuziyo n'kundilanda chipewa pakati pa msika wa Kejetia, ku Kumasi konko, anthu mamiliyoni awiri akuonerera. Nkhani yabwino chonchi ndaikamba lero titaweruka kutchalitchi ku Indianapolis, kuno ku Amereka, aseka anthu awiri okha. Ena onse makutu kwa Wanangwa. Wangobwera kumene kuchokera ku Ghana, anaperekeza mnzake wa kuntchito. Masabata awiri okha, koma kayendedwe ngati dzikolo analigula. Foni m'manja, mavidiyo osatha. Amayi osenza mabeseni, nkhono zazikulu ngati chibakera, madenga a malata osaoneka pothera. Akuti anasochera mumsikamo maola atatu. Ine ndati ndinasochera masiku awiri, anachita kundipeza ndi apolisi.

Belinda anaima pafupi naye. Pafupi kwambiri. Kudiraiva ulendo wonse uja kuchokera ku South Bend kuti ndidzaone nkhongo ya chibwenzi changa.

Lachiwiri, 11 Juni

Shifiti ya m'mawa. Agogo amene ndimawasamalira andilavulira phala. Nawonso ali mbali ya Wanangwa.

Belinda waika chithunzi pa foni, atavala nsalu yachikasu imene Wanangwa wabwera nayo. Mwamuna wosakwatira kugulira nsalu mkazi wa eni? Kwathu ku Lunzu imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe. Ndamuimbira, iye kuseka. "A Kingsley, inu munagona masiku awiri mumsikamo, ine munandisungira chiyani?" Ndamuuza kuti nsalu ilipo m'sutikesi, yovala mafumu, ndimangodikira tsiku loyenera.

M'sutikesimo muli majekete a nthawi yozizira ndi nsapato imodzi.

Loweruka, 15 Juni

Lafayette Road, sitolo ya mayi wa ku Ghana. Zachikasu ndazidutsa, n'za ana. Ndasankha yofiira ndi yakuda, yolemera, yoti ukaivala anthu akupatse mpando. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigwira dzanja, n'kunena kuti Mulungu andilimbitse mtima. Akazi ndi ine, sindidziwa kuti ndinawatani.

Pepala la sitolo ndataya. Nsaluyo ndaikhalira m'galimoto mpaka kwa Belinda ku Beech Grove kuti ioneke yoyenda. Belinda analumpha ngati mwana. Akuti aivala Loweruka likubwerali ku mwambo wotulutsa khanda la Akosua, nesi mnzake wa ku Ghana. Wanangwa nayenso waitanidwa. Akaone yekha kuti nsalu imakhala yotani.

Lachinayi, 20 Juni

Andiika pa shifiti Loweruka. Ndapempha kusinthana, onse akana. Amene akamutenge Belinda pa galimoto ndi Wanangwa. Nsalu yanga, mpando wake. Chakudya sichikutsika, ndangodya kawiri.

Lamulungu, 23 Juni

Belinda sakuyankha foni. Amene waimba ndi Wanangwa. "Achimwene, mwafetsa munthu ali moyo."

Akuti holo yonse anavala zoyera, kuyambira khanda mpaka agogo ake. Belinda n'kulowa, wofiira ndi wakuda. Nyimbo anatsitsa. Apongozi a Akosua anathamanga kukamukumbatira, n'kumufunsa kuti wamwalira ndani. Kani ku Ghana yofiira ndi yakuda ndi ya maliro. Anamutengera kuchipinda, n'kumubwereka nsalu yoyera. Tsiku lonse mu chovala cha eni, amayi akumupatsa madzi.

Chondisangalatsa n'chimodzi chokha, Wanangwa nayenso sankadziwa. Anayenda naye m'galimoto akuyamikira. Masabata awiri aja anathera pa mavidiyo.

Koma amene anamubweza kunyumba ndi iyeyo. Ine ndinali kusintha zofunda za agogo aja.

Lolemba, 24 Juni

Belinda waimba nthawi ya nkhomaliro. Mawu ozizira. "Mayi wa sitolo ya pa Lafayette analipo ku mwambo kuja. Nsalu yake anaizindikira. Akuti ndikupepeseni maliro."

Ine n'kumvetsera mpaka amalize. Koyamba chibadwire.

Akuti yachikasu ija anachita kutuma yekha, Wanangwa anangonyamula. Akuti ndikanangonena kuti ndagula pa Lafayette akanalumpha chimodzimodzi. Manyazi a kuholo atha kuwaiwala, koma kukwatiwa ndi munthu woti sadziwa kuti bodza lake lithera pati, ayi. Loweruka ndipite ku Beech Grove ndikanene zoona zokhazokha, apo ayi petulo ndisaononge.

Zoona zokhazokha. Ntchito yoti sindinaigwirepo. Ndiyambe kuyeserera m'buku lomweli, poti nalonso ndinalinamiza.

Ku Kumasi sindinapondeko. Mbuzi ija ndi yoona, chipewanso n'choona. Koma msika wake unali wa pa Lunzu, ndipo oonerera anali anayi.

Atatu.