Lichero la a Nusaiba

Lolemba, 14 Julaye 2025
Ndapeza achimwene, a Goodman, akuluka lichero pakhonde. Mtima wandibwezera ku Januwale wa 2021, korona atavuta. Pafamase ya kumsika kwathu kwa Mkhumba, a Nusaiba ankatipatsira mankhwala pawindo, m'lichero lomangirira kunsungwi yaitali. Nkhope yawo sitinaione, maso okha pamwamba pa masiki.

Achimwene ankabanika, koma chipatala ankachiopa: amati ukafera kumeneko akukulunga m'pulasitiki, abale osakusambitsa. Tinapita kukagula mapilisi. M'lichero munangobwera kachipangizo koyezera mpweya, kopana chala. A Nusaiba atakayang'ana anati, "Bambo, sindikugulitsani kanthu. Mukufunika mpweya wakuchipatala, lero lomwe." Achimwene, uku akupuma modukiza: "Famase yanji yokana makasitomala?" A Nusaiba anangoitana wanjinga yamoto.

Kukana kumeneko n'kumene kwandisungira mlongo wanga mpaka lero.

Lachiwiri, 15 Julaye
Lichero akulukalo akuti n'la a Nusaiba. Maso a achimwene achita ng'ala, mwina n'lomaliza. Koma famase ija inapita ndi matope a namondwe Freddy, ndipo mwini wake sitinamumvenso. Zimene ndikuopa sindinawauze.

Lachinayi, 17 Julaye
Kumsika. Pamalo pa famase paja pano akutchajitsapo mafoni. Mayi wina wogulitsa kalongonda: "Ansungwi aja? Kaya, usiku uja anthu anapita ambiri." Kenako nayenso wakumbuka zake: mankhwala a BP a amuna ake a Nusaiba ankawatumizira pakhomo, kuti nkhalamba isadzapanikizane ndi anthu.

Lachisanu, 18 Julaye
Ndadikira panja pa mzikiti mpaka mapemphero atha, kuti ndifunse za a Nusaiba. Ndakumana ndi a Jabiri, ogula nandolo kumsika; ndi malume a Nusaiba, ine osadziwa! "Ali moyo, mayi. Madzi anangotenga mashelefu. Anatsegula ina kwa Chiwalo."

Ndakhala pansi pomwepo, pafumbi.

Loweruka, 19 Julaye
Ndaimba pa nambala imene a Jabiri anandipatsa. Mawu ake omwe aja, ofatsa. Nditangotchula achimwene, a Nusaiba aseka: "A famase yanji aja? Pakamwa mpomwe paja?" Ndati mpomwe paja, zikomo kwa inu. Akuti tibwere Lachitatu m'mawa. "Koma nsungwi musatenge, lichero langalo ndidzalandira ndi manja."

Achimwene amva zonse. Pano akupapasa mkombero wa lichero kufuna potsalira, ndipo andituma ndiwasitire jekete.