Nkhuku ya a Tcheyamani

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kaya nako kumagwa chiperoni chonga chathu chino? Kuno phiri labisala sabata yonse, zovala sizikuuma.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkati uthenga woipa sayamba nawo pakhomo. Nandolo wa kuseri kwa nyumba wabereka mpaka nthambi kugona pansi. Mpongozi wanu, mkazi wa Lusiyano, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watengera mphuno yanu, ndi ukali womwe.

Tsono khalani pansi. Lusiyano, mzime wanu uja, anagundidwa ndi lole. Ankapita kumsika wa Chitakale ndi nthochi pa njinga ija munamugulira ndi thukuta la m'minda ya tiyi. Loleyo inamupeza m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Mwendo unathyoka pawiri, njinga inangotsala waya wopindika. Moyo ulipo, tithokoze Mulungu, koma adokotala a ku Mishoni akuti mwendowo sudzathanso kuima tsiku lonse m'mizere ya tiyi. Kuesiteti kumene ankagwira ntchito analemba kale wina m'malo mwake.

Loleyo ndi ya a tcheyamani a chipani, omwe aja a golosale. Lusiyano ali chigonere m'chipatala, ine ndikumudikirira komweko, iwo anafika pakhomo panu ndi nkhuku yoyera yomanga miyendo ndi luzi. Amalume, mlongo wanu, anaomba m'manja n'kulandira, poyesa ndi yozondera matenda. Amayi, ndinapsa mtima! Munthu waimvi osafunsa n'komwe ngati nkhukuyo ndi ya msuzi kapena ya mlandu? Nditabwerako ndinawapeza akunola mpeni. Ndinailanda n'kuiponya m'khola mwanu. Mawu anu aja anandibwerera: "Chakudya cha munthu amene wakulakwira usamafulumire nacho pamoto."

Ndinapita kuboma kukafunsa za chipukutamisozi. Kalaliki wina wachifundo anandifotokozera kuti galimoto iliyonse imakhala ndi inshuwalansi, kampani imene imalipira wopwetekedwa pangozi: mwendo amalipira, njinganso amalipira. Kenaka anatsitsa mawu. "Mayi, mwini lole anabwera kale kuno. Akuti nkhaniyi munaithetsa pachimudzi, nkhuku munalandira n'kudya. Ngati si choncho, zitsutseni poyera, anthu akuona." Kumsika ndi kumene ndinamva chifukwa chake. Amene ankayendetsa tsikulo anali mphwawo wa a tcheyamani, wopanda laisensi, ndiye sakufuna kuti nkhaniyi ipite patali.

Chibwerere kubomako tulo sindikutiona. Anyamata a malaya ofiira aja sakuleka kubwera kudzaona makadi athu a chipani, chonsecho anatigulitsa okha. Mmodzi wa iwo, amene munamuchiritsa chikuku ali wakhanda, anandifunsa akumwetulira kuti, "Paja amayi anu anabadwira tsidya lija la Muloza, kwa Apwitikizi, eti? Njira yake mukuikumbukabe?" Mukudziwa nokha kuti masiku ano munthu akangotchedwa wogalukira, galimoto imabwera, ndipo palibe amene amafunsa kumene wapita.

Amalume akuti, "Mwanawe, ipha nkhukuyo tidye zithe. Ndalama sizimeretsa mwendo. Ukufuna mbumba yonse ikathere kwa Apwitikizi?" Sindiwada ayi, mantha awo ndi anga omwe. Koma ndimaona Lusiyano akudzikoka ndi ndodo kupita kuchimbudzi, mkazi wake atayang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi, khanda likulira kumsana. Adzalidyetsa chiyani? Munthu wosalakwa akhale wopemphapempha moyo wake wonse chifukwa cha nkhuku imodzi?

Nkhukuyo nayo ilibe manyazi. Yadya gaga wathu, yaikira mazira, yaswa anapiye. Kamodzi kanatengedwa ndi mphamba, ndiye ndaikapo ka nkhuku yanu yamawanga ija, asadzati tinadyapo kanthu kawo.

Mawa ndi tsiku la msika. Dengu ndakonza kale, loti ndinyamulire nkhukuyo ndi ana ake onse. Ndikaitula pakhonde la golosale dzuwa lili pamutu, anthu ali pikitipikiti. Ndikagwada monga munandiphunzitsira, ndipo ndikanena kuti, "Bambo, chiweto chanu chija tinangokusungirani, nachi, chaswana. Za mwendo ndi njinga sitinakambe." Paja inu munkakonda kunena kuti mlandu suola. Amalume akana kundiperekeza. Lusiyano akuti anditsatira ndi ndodo zake, ngakhale akafike dzuwa litapendeka. Ndamuletsa, koma mukumudziwa mwana wanu.

Ndikuopa, amayi, sindikubisirani. Ana anga ndawauza kuti ndikapanda kubwera azikagona kwa mayi awo aang'ono. Tsache ndi khasu zokonzera pamanda panu ndasiyira mpongozi wanu, ndipo ndamusonyeza mbali imene kuli mutu. Mukaona manja ena akusesa pamenepo mwezi wamawa, musati ndakuiwalani.

Ndimakukondani monga kale. Sindingalonjeze kuti atilipira, kapena kuti mawa madzulo ndikhala pakhomo pano. Ndikulonjeza chimodzi chokha: kuyambira mawa nkhuku imeneyi sigonanso m'khola mwanu.

Ndine mwana wanu,
Filesi