Moyo wa Nguluwe ndi Chikho cha Mgonero

MPINGO WA CHIYEMBEKEZO, MAPEMPHERO A CHICHEWA, MBAMBA BAY
Zolembedwa za msonkhano wa Komiti ya Mpingo

Tsiku: Loweruka, 15 Malichi 2025
Malo: Pakhonde la tchalitchi, popeza m'kati amayi ankakolopa kukonzekera Mgonero wa mawa

Opezeka:
Bambo Isaya Kalilangwe, Wapampando
Mayi Zione Chiumia, Mlembi
Mayi Emma Nkhwazi, Msungichuma
Bambo Polycarp Chikoti, Dikoni wosunga ziwiya za Mgonero
Bambo Fexon Malenga, membala
Bambo Gaudens Mbunda, membala

Oitanidwa: Mayi Naomi Mwenda ndi mwana wawo Vanessa
Opepesa: Mayi Antonia Haule, ali kumaliro ku Kihagara

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa, imene kuno amati saa tatu. Mayi Nkhwazi anapemphera. Zolembedwa za msonkhano wapita zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa popanda chokonza.

2. Kuyamika pa kuchira kwa Mayi Mwenda

Wapampando anati lero ndi tsiku lachiyamiko. Anakumbutsa komiti kuti mu Disembala Mayi Naomi Mwenda tinawanyamula pamatiresi kukawakweza basi, miyendo itatupa, akupuma ngati munthu amene wangovuulidwa m'madzi, ndipo ambiri tinatsanzikana nawo chamumtima. Lero abwera wapansi kuchokera kwawo, osapumira panjira. Komiti inaimirira ndi kuimba vesi limodzi, ndipo Mayi Mwenda analimaliza lonse. Mlembi sanathe kulimaliza.

Vanessa, amene anawadikirira kuchipatala ku Dar es Salaam, anafotokoza kuti mumtima mwa munthu muli tizitseko totsekula ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo. Kamodzi ka mayi ake kanali katauma. Madokotala anawasankhitsa pakati pa tiwiri: kachitsulo, ndi kena kochokera mumtima wa nkhumba. Kachitsulo kamakhalitsa, koma kamafuna mankhwala osungunula magazi moyo wonse ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo munthu akadzicheka magazi savomera kuleka msanga. Mayi ake amakhalira mpeni kutumbula nsomba, ndipo kokayezetsako ndi kutali. Kankhumba kaja kamatsukidwa ndi mankhwala mpaka osatsalamo chamoyo chilichonse cha nkhumbayo, koma kamatha pakapita zaka khumi kapena kuposerapo, mwina n'kufunika kusinthidwa. Mayi ake anasankha kankhumba.

Komiti inagwirizana kuthokoza madokotala ndi anamwino, abale a Bambo Mbunda amene anasunga Vanessa m'tauni ngati mwana wawo, ndi amayi a mumpingo amene ankawayanikira Mayi Mwenda usipa nthawi yonseyi kuti malonda awo asafe.

3. Mphekesera ya nguluwe

Wapampando anati chimwemwechi chadetsedwa ndi nkhani imene yafala kunyanja yakuti Mayi Mwenda anachotsedwa moyo wawo n'kuikidwa wa nguluwe. Chinangwa chitafukulidwa m'munda wina ku Lipingo, anthu ena anatchula dzina lawo, pamene iwo anali chigonere pabedi ku Dar es Salaam. Ana amalira ngati nguluwe Vanessa akamadutsa. Wapampando anapempha Bambo Malenga, amene analandira foni yoyamba yochokera kuchipatala, kuti afotokoze.

Bambo Malenga anati Vanessa analephera kulankhula chifukwa cha kulira, ndiye anapatsira foni namwino, amene analankhula Chiswahili. "Ine ndinamva bwinobwino ndi makutu angawa," anatero. "Akuti mama amewekewa moyo wa nguruwe. Moyo wa nguluwe. Nanga inu mukanamva chiyani?" Anati sanauze munthu wina aliyense kupatula akazi awo.

Bambo Mbunda, amene ndi mbadwa ya kuno koma anakwatira kwathu kwa ife Amalawi, anafotokoza kuti pa Chiswahili moyo ndi mtima, ndipo nguruwe ndi nkhumba wamba ya m'khola, osati yakuthengo yofukula chinangwa. Vanessa anaonjezera kuti namwinoyo anatchulanso mawu akuti valvu, kutanthauza kachitseko kaja, koma a Malenga anawataya panjira. Bambo Mbunda anati asaimbidwe mlandu kwambiri, pakuti iwonso atangoyamba kupemphera nafe ankadabwa kuti Amalawi bwanji Lamulungu lililonse amapempha mtima wosatha.

Mlembi akufuna zilembedwe kuti Bambo Malenga akhala kuno nthawi yokwanira, ndipo mitengo ya dagaa, usipa uja, pa Chiswahili saiphonya ngakhale ali m'tulo.

Bambo Malenga anaimirira, anavula chipewa, n'kupepesa Mayi Mwenda. Iwo anayankha kuti, "Basi, achimwene, zatha. Mukanafunsa chabe." Komiti inagamula kuti mawa Bambo Malenga akonze nkhaniyi okha pamaso pa mpingo, ndipo Bambo Mbunda amasulire.

4. Pempho la Bambo Chikoti lokhudza chikho

Bambo Chikoti anati ndi okondwa kuti nguluwe yachoka m'nkhaniyi, koma nkhumba yatsala. Anapempha kuti kuyambira mawa Mayi Mwenda asamamwere m'chikho chimodzi chimene mpingo wonse umamwera pa Mgonero, koma azipatsidwa chawochawo.

"Sindidana nawo a Naomi," anatero. "Kumutu kwa matiresi aja kunali ine. Koma chikho ndimatsuka ndine, ndimayendetsa ndine. Bambo anga sankalola ngakhale mphika wophikira nkhumba kulowa pakhomo, ndipo anandiphunzitsa kuti Mulungu anaitcha yodetsedwa. Ndakalamba nazo izi. Ndingazitaye bwanji lero lokha?"

Mayi Nkhwazi anati Bambo Chikoti sadya kampango chifukwa alibe mamba, koma ngalawa yawo ndiyo imadzaza kampango pamsika. Bambo Chikoti anati kugulitsa si kudya. Mayi Nkhwazi anafunsa ngati kusokeredwa kachitseko mumtima ndi kudya. Wapampando anapempha mamembala kuti azilankhula kudzera kwa iwo.

Bambo Chikoti anafunsa chifukwa chake madokotala sanaike kachitseko ka ng'ombe, poti anamva kuti kaliponso. Vanessa anati kowakwana mayi ake kamene kanalipo nthawiyo kanali kankhumba, ndipo mayi ake sakanatha kudikira. Anatinso dokotala anafunsa kaye za chipembedzo chawo asanagwire chilichonse.

Wapampando anati chodetsa munthu pamaso pa Mulungu ndi njiru ndi bodza zochokera mumtima, osati nyama. Bambo Chikoti anayankha kuti mumtima momwemo ndi mmene kaikidwa.

Bambo Malenga anafunsa ngati pa tsiku la kuuka kwa akufa Mayi Mwenda adzauke ndi kachitseko kawo kakale kapena kankhumba. Wapampando anati mpingo uno uli ndi abale amene anamira m'nyanjamu ndipo matupi awo sanapezeke, komabe timakhulupirira kuti adzauka athunthu. Mulungu amene adzawasonkhanitse iwowo sangasokonezeke ndi kanthu kochepa ngati chikhadabo.

Bambo Mbunda anati anamva pawailesi kuti kumaiko akunja madokotala akuyesa kuika impso yathunthu ya nkhumba mwa munthu, ngakhale mtima, kuchokera ku nkhumba zowetedwera ntchito yomweyo, ndipo ena mwa odwalawo sanakhalitse. Anafunsa ngati n'koyenera kuweta cholengedwa kuti chikhale nkhokwe ya ziwalo. Mayi Nkhwazi anati timaweta kale kuti chikhale ndiwo, ndipo palibe anaitanitsapo msonkhano. Bambo Mbunda anati komabe iwo zimawachititsa nthumanzi. Komiti inavomereza kuti pa funso limeneli ilibe yankho.

Wapampando anafunsa maganizo. Asanu anati Mayi Mwenda amwere m'chikho cha onse. Bambo Chikoti anakana. Wapampando anakumbutsa komiti lamulo lathu lakuti nkhani ya Mgonero imafuna onse agwirizane. Zikalephereka imapita kwa akuluakulu a mpingo, amene adzakumane mu Juni, ndipo mwini nkhani amadikira osayandikira gome. Izi zikutanthauza kuti mawa Mayi Mwenda angoonerera.

5. Mawu a Mayi Mwenda

Mayi Mwenda anapempha kulankhula. Anayamba apepesa kuti nthawi ya mankhwala yakwana, n'kutulutsa kapu yapulasitiki m'chikwama, kutunga madzi mu ndowa ya pakhonde ndi kumwera mapiritsi awo. Kenako anaika kapuyo patebulo.

Anathokoza aliyense pomutchula dzina, ndipo anathokoza Bambo Chikoti kawiri, chifukwa cha matiresi ndi chifukwa cholankhulira pamaso pawo m'malo mwa kumbali. Anati palibe anawakakamiza. "Daktari anandifunsa, ine ndinavomera ndekha, maso ali otsegula. Ndinati ikani, bambo, mwana wanga sanaime payekha."

Anati nkhumbayo saidziwa ngati inali yoyera kapena yakuda, koma amaikumbukira m'mawa uliwonse akamakwera chitunda chakwawo, ndipo pakhomo pawo nkhumba sidzaphikidwanso. "Si kunyansidwa ayi. Ndi ulemu. Inandifera." Wapampando anati mawu akuti inandifera ali ndi Mwini wake, ndipo anapempha kuti kulembedwe kuti inawathandiza. Mayi Mwenda anati sawa, palibe kanthu, koma imene inathandizayo sinabwerere kukhola. Mlembi walemba mawu onse awiri. Komiti inaona kuti mpingo tsopano uli ndi anthu awiri osadya nkhumba, wina chifukwa choinyansa, wina chifukwa choiyamika.

Za chikho, Mayi Mwenda anati sakufuna mpingo ugawanike chifukwa cha iwo, ndipo kapu ili patebuloyi ikwanira. "Zikundipweteka, sindinama. Chisamukireni kuno ndakhala ndikulandira chikho kuchokera m'manja mwa a Emma n'kupatsira wina. Ndili pabedi paja ndinkaganiza zomwezo. Koma ndili moyo, moyo wa Chichewa, ndipo sindingayambe kudandaula za kapu."

Mayi Nkhwazi anati iwo savomera, ndipo ngati mnzawo amwere m'pulasitiki nawonso abweretsa yawo, mpingo usanduke malo ogulitsira tiyi. Wapampando anati chikho chachiwiri nachonso ndi nkhani ya Mgonero, ndipo poti sichinavomerezedwe ndi onse, nkhani yonse ipita ku Juni. Ananena izi akuyang'ana pansi. Mlembi akulemba poyera kuti zinamuwawa.

6. Zina ndi zina

Mayi Nkhwazi anati denga likudontha pamwamba pa benchi ya kwaya. Bambo Malenga anadzipereka kukwerapo Lolemba, ndipo anapemphedwa kuti akamakagula misomali atenge Bambo Mbunda.

7. Msonkhano wotsatira

Udzakhala Loweruka, 12 Epulo 2025, pamalo omwewa.

8. Kutseka

Wapampando atati tiweramitse mitu, Bambo Chikoti anadzuka. Anatenga kapu ya Mayi Mwenda patebulo, anaiyang'ana nthawi yaitali, anatunga madzi mu ndowa osaitsukuluza, n'kumwa onse. Anabwezera kapuyo kwa mwini wake ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Tengani, mlongo wanga, muzimwera mankhwala. Mawa musabwere nayo."

Wapampando anafunsa ngati Bambo Chikoti asintha maganizo pa mfundo yachinayi, kuti Mlembi alembe. Iwo anati za nkhumba sanasinthe, ndipo sadzaidya mpaka kufa. "Lembani kuti ndinali ndi ludzu," anatero.

Wapampando anatsegulanso mfundo yachinayi n'kufunsa ngati alipo wotsutsa kuti Mayi Mwenda amwere m'chikho cha onse. Panalibe wotsutsa. Komiti inagamula kuti mawa Mayi Mwenda akhale pabenchi yawo yakale, pambali pa Mayi Nkhwazi, ndipo chikho chidzayendetsedwa ndi Dikoni monga mwa nthawi zonse.

Mayi Mwenda anatseka ndi pemphero, ndipo msonkhano unatha 12 koloko masana.

Mlembi walemba monga anauzidwira: Bambo Chikoti anali ndi ludzu.

Isaya Kalilangwe
Wapampando

Zione Chiumia
Mlembi