Tintchentche Tanga M'chipinda cha Masoseji

Lolemba, 10 Januwale

Magetsi athimanso Córdoba yense, jenereta ya kulabotale kwathu yakana kulira. Kunja ngati mu uvuni. Kabati yoziziritsira tintchentche tanga yazima.

Zaka zitatu ndikukwatitsa tizilomboti! Tikangotenthedwa, maselo a glia, aja amasesa zotsalira uthenga ukadutsa m'minyewa, amaleka ntchito. Minyewa imangowombera osapuma, kantchentche n'kugwa chagada, kuphupha ngati wakhunyu. Digiri yanga yonse yagona pamenepo. Ndimafuna tizigwa ndikafuna ine, osati tonse tsiku limodzi, Mulungu wanga.

Lachiwiri, 11 Januwale

Theka la tintchentche lafa. Abwana, a Dokotala Brizuela, ali kutchuthi kunyanja, foni sakuyankha. Ndakulunga mabotolo m'matawulo onyowa. Ndalira mpaka mamina.

Lachitatu, 12 Januwale

Ndakwera basi ya ku Colonia Caroya, mabotolo pamiyendo. Amalume a Celso ali ndi chipinda chapansi chopachikamo masoseji, chozizira chaka chonse.

"Ludmila, wapenga? Moyo wanga wonse ndikulimbana ndi ntchentche, iwe ukundibweretsera pa basi?"

Ndawauza kuti n'tintchentche ta zipatso chabe, mabotolonso ngotseka ndi thonje. Akuti ntchentche ndi ntchentche, kaya yapita kusukulu. Ndakhala pakhomo pawo osasuntha, manyazi ndawasiya ku Córdoba. Dzuwa litapendeka atsekula okha. "Pakona apo. Kakangotuluka kamodzi, ndipopera tonse mankhwala."

Lachinayi, 13 Januwale

Ndinachedwa. Tintchentche tonse tagona miyendo m'mwamba. Komaliza ndakaonerera kakuphupha mpaka kuleka. Mtundu umenewu kulibenso kwina, ndinaupanga ndekha. Amalume afunsa ngati angatsuke mabotolowo aziikamo tsabola. Ndawakalipira moti galu wawo wathawa.

Lachisanu, 14 Januwale

Sindinadye. Ndikawauza chiyani amayi, poti anagula kale diresi ya tsiku la digiri?

Loweruka, 15 Januwale

Ndimalongedza chikwama pamene amalume anakuwa kuchokera pansi. "Iwe! Tabwera msanga!" Ndati basi, apopera.

Ndawapeza atagwada pansi pa masoseji, magalasi pamphuno, tochi pabotolo. M'phala lodyetsera tintchentche la pansi pa botolo muja tinthu toyera tikunyang'ama. Mphutsi! Tintchentche tija tisanafe tinaikira mazira.

"Zako zomwe zija?"

Ndagwedeza mutu kuvomera. Ndati nditole botolo, andimenya dzanja.

"Tseka chitseko kaye, chitsiru iwe, ukuwalowetsera kutentha anawa."